Nyimbo ya a Mhango inali m'matumba mwathu

Lolemba la sabata yatha ndinakhala pa benchi m'kashopu ka Che Yusufu, wokonza makompyuta ku Area 2. Pambali panga panali Tawonga, mwana wa malemu a Mhango, amene anali mphunzitsi wa kwaya ya kutchalitchi kwathu. Patebulo panali laputopu ya bambo ake, itatsegulidwa kunsi.

Che Yusufu anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula magalasi.

"Achimwene, iyi yapita."

"Palibe chimene mungapulumutsemo?" ndinafunsa.

"Munkaisunga kuti?"

"M'kabati ya amama," anatero Tawonga. "Chimwalirire adadi sinayatsidwepo."

"Kabati yogundana ndi khoma, eti? Dzinja lonse? Taonani dzimbirili. Ndikakuuzani kuti mubwere mawa, ndiye kuti ndikukunamizani."

Tinatuluka. Panja maminibasi ankaitana anthu, koma ine m'mutu munali funso limodzi: tikawauza chiyani mayi Mhango?

Ndikufotokozereni chimene chinali mu laputopuyo. A Mhango kwawo kunali kumpoto. Anagwira ntchito m'boma ku City Centre mpaka kupuma, ndipo madzulo a Lachitatu lililonse ankatiphunzitsa kuimba. Ine ndimaimba besi. Atayamba kudwala anapeka nyimbo yawo yomaliza, koma anamwalira kwaya isanaiphunzire. Pa maliro palibe amene analimba mtima kuitchula. Tsopano chaka chinali chitatha, Loweruka kunali kuvundukula chiliza, ndipo mayi Mhango anatipempha chinthu chimodzi chokha: tikaimbe nyimbo imeneyo pamanda. Anati ankangoimva pang'onopang'ono kudzera pa chitseko cha kuchipinda, bambo akuipeka, koma yonse sanaimvepo.

Tinavomera mosavuta. Aliyense ankadziwa kuti nyimbo za a Mhango zili mu laputopu. Mawu ake, manotsi ake, ndi zojambula zonse. Palibe amene anafunsa ngati laputopuyo ikali moyo.

Tili pamalo okwerera basi, Tawonga anaseka kuseka kosakondwa.

"Ankolo, mukudziwa kuti kafukufuku amene ndikuchita ku yunivesite ndi wa zomwezi? Tsiku lililonse ndimalemba kuti chinthu chofunika chisamasungidwe pa makina amodzi. Koma za adadi zinali m'kabati."

Ine sukulu ndinalekeza Folomu 4, choncho ndinamupempha kuti afotokoze ngati akuuza munthu wa besi. Anati pali njira ziwiri zosungira zinthu pa makompyuta. Ina ndi yoti pakhale kompyuta imodzi yaikulu yosunga zonse, ena onse azikapempha kumeneko. Ikafa imeneyo, nonse mwagwira njakata. Ina ndi yoti pasakhale bwana. Makompyuta ambiri ang'onoang'ono amagawana katunduyo, iliyonse kusunga chigawo chake, ndipo chigawo chilichonse chimakhala malo angapo. Wofuna chinthu amafunsa anzake, amupatsa zidutswa, iye n'kulumikiza.

Atafika pa mawu oti zigawo, ndinapisa dzanja m'thumba.

A Mhango anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo. Nyimbo yatsopano sankaipereka yonse. Ankadzijambula okha akuimba sopulano, kenako alito, tena ndi besi, chilichonse pachokha, n'kumapatsa munthu chigawo chake basi, kuchoka pa foni yawo kupita pa yake, mafoni atagundana. Lamulo linali loti usapatse munthu wa mawu ena. Ankati abesi akamva sopulano amasiya zawo n'kuyamba kulondola azimayi. Sankanama.

Akudwala, ena mwa ife tinkapita kukawazonda kunyumba kwawo ku Area 14. Tsiku lina ndikutsanzika anati, "Bweretsani foni yanu." Ndinalandira, koma sindinamvetsere. Atamwalira sindinafunenso kumvetsera.

Ndinafufuza m'foni, ndipo ndinaipeza. Ndinadina. Pakati pa phokoso la Old Town panamveka mawu a a Mhango, otsika, akuwerenga manambala oyambira kenako n'kuyamba kuimba. Tawonga anagwira pakamwa.

Besi inalipo. Koma besi payokha si nyimbo. Ndi kung'ung'udza chabe.

Lachitatu tinaitanitsa kwaya yonse m'holo ya tchalitchi, aliyense ndi foni yake, yakale ndi yatsopano yomwe. Apa m'pamene ndinaona mmene chaka chimodzi chimadyera zinthu. Wina foni inagwera m'ndowa. Wina anapatsa mphwake wa kumudzi. Wina anafufuta zonse kuti apeze malo a zithunzi za chinkhoswe. Komabe sopulano inapezeka kwa amayi awiri, ndipo zinali zofanana.

Tena inapezeka kwa a Zimba ndi a Kamanga. Zinali zosiyana. Kumapeto kwa vesi, ya a Zimba inkakwera, ya a Kamanga inkatsika.

"Yanga ndiye yeniyeni," anatero a Zimba. "Ine anandipatsa ndi manja awo."

"Nanga ine anandipatsa ndi miyendo?" anayankha a Kamanga.

Wina anati tione tsiku limene aliyense analandira, yomaliza ndiye yolondola. Foni ya a Zimba inkaonetsa chaka chimene mwina foniyo inali isanapangidwe. Amachotsa batire kawirikawiri, wotchi yake inasokonekera kalekale.

Tawonga anati vuto limeneli ndiye mutu weniweni wa kafukufuku wake. Kusunga chinthu malo ambiri n'kosavuta. Chovuta n'chakuti makope akasiyana, makina agwirizane bwanji kuti lolondola ndi liti, pomwe palibe bwana woti agamule, ndipo mawotchi awo ndi osadalirika? Anati njira imodzi ndi yoti kope latsopano lizitchula lakale limene likulilowa m'malo.

"Tamvetseraninso kuyambira poyamba," anatero. "Musadumphe."

A Kamanga ankakonda kudumpha poyambira chifukwa pamangomveka kutsokomola. Ulendo uno tinamvetsera zonse. Kutsokomola kutatha, a Mhango analankhula motsitsa: "A Kamanga, ija ndinapatsa a Zimba ndaikonza pomaliza. Mukawauze, asakwiye."

Holo yonse inaseka. A Zimba anayang'ana kudenga.

"Ndiye munandiuza liti?"

"Ndikukuuzani lero," anatero a Kamanga.

Tinaseka, koma kuseka kunatha msanga. Alito panalibe. Munthu yekhayo amene anailandira anali mayi Chirwa, ndipo foni yawo inabedwa mu minibasi miyezi ingapo yapitayo. Ena anati tingopeka alito yathu, mayi Mhango sangadziwe. Tawonga anakana. Anati amama ake anapempha nyimbo ya adadi, osati ya kwaya. Ine ndinagwirizana naye. Amene amaimba amadziwa kuti a Mhango ankabisa kukoma kwa nyimbo mu alito.

Nthawi yonseyi mayi Chirwa ankangopotokola mpango. Tikubalalika anandikokera pambali.

"A besi, ndinene chinachake, koma musandiulule."

"Nenani."

"Lamulo lija ndinaliswa. Ndinapatsako munthu. Komanso si wa kwaya. Komanso si wa tchalitchi."

Munthuyo anali mayi Asiyatu, telala wa ku Old Town amene amatisokera mayunifolomu. Ndi Msilamu. Mayi Chirwa anapita kukayesa diresi, foni ikuimba m'chikwama, telala n'kuikonda nyimboyo n'kupempha.

Lachinayi m'mawa tinapita atatu, ine, Tawonga ndi mayi Chirwa. Tinawapeza mayi Asiyatu akupalasa makina, ndipo tisanapereke moni Tawonga anandigwira mkono. Mayiwo ankang'ung'udza kanyimbo, kamene kankagwirizana ndi besi yanga.

"Ya abambo a kwaya ija? Ilipo," anatero atamva nkhani yathu. "Foni ndinasintha, koma kakhadi kosungira nyimbo ndi komwe kaja. Ine mawu ake ndi anu, sindilowererapo. Koma kaimbidwe kake kamayendetsa makina. Ndinapatsakonso mng'ono wanga ku Area 9, ndi mayi wina wogulitsa nsalu apa. Mukanafuna mukanaipeza katatu."

Mayi Chirwa anatembenukira kwa ine. "Mwaona? Nonse omvera malamulo munali ndi kamodzikamodzi."

Ndinangokhala pa mpando wa makasitomala.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza za mmene timasungira zinthu m'dziko muno. Ndani mwa inu sanabwezedwepo pa ofesi ndi mawu oti, "Amene amasunga fayilo imeneyo sanabwere"? Kapena oti, "Netiweki yagwa, mubwere mawa"? Anthu odzaza benchi, ogwira ntchito alipo, makompyuta ali pa desiki, koma zonse zaima chifukwa chinthu chimodzi chimene chili kwina sichikuyankha.

Kunyumba n'chimodzimodzi. Zithunzi za banja lonse zili m'foni ya mlongo mmodzi. Mbiri ya kumene makolo anachokera ili m'mutu mwa malume amodzi, ndipo tonse timati tidzawafunsa pa Khirisimasi. Makiyi, mapepala a nyumba, nambala yachinsinsi, zonse kwa munthu mmodzi. Timati n'kulemekeza. Nthawi zina n'kulemekezadi. Koma nthawi zambiri n'kupeputsa katundu wathu: wina asunge, ine ndisavutike. Ndipo wosungayo naye amakonda kuti anthu azigogoda kwa iye.

Sindikunena kuti chilichonse chizimwazidwa. Ndinamufunsa Tawonga za zimenezi tikubwerera, chifukwa zinandidetsa nkhawa kuti mawu a munthu wodwala anafika mpaka kwa wogulitsa nsalu amene sanamuonepo. Ikanakhala nkhani ya kuchipatala bwanji? Chikanakhala chithunzi chochititsa manyazi? Anavomera. Anati chinthu chikafalikira sungachiitanenso kuti chibwerere, ndipo n'chifukwa chake anzake ena amafufuza za kutseka zidutswazo, kuti wosunga asunge koma asathe kuwerenga. Anati nkhaniyi sinathe, akali kulimbana nayo.

Yankho limeneli ndinalikonda. Sanandigulitse mankhwala ochiza zonse.

Koma pali china chimene ndinachiona ndekha. Zidutswa zija zinakhala m'matumba mwathu chaka chathunthu, ndipo sizinali nyimbo. Zinasanduka nyimbo titakumana, titafunsana, wina atavomera kuti yake ndi yakale, wina ataulula kumene anapereka. Makina a Tawonga akuphunzitsidwa kufunsana ndi kugwirizana popanda bwana. Ife anthu timatha?

Lachinayi madzulo, tisanayambe kuphunzira, tinaika mafoni anayi pa tebulo la m'holo. Anthu anayi anaika zala. Ulendo woyamba tena inatsogola. Wachiwiri sopulano inachedwa, a Zimba n'kunena kuti azimayi amachedwa ngakhale pa foni, ndipo anayankhidwa mokwanira. Kenako tinakumbukira kuti pa chigawo chilichonse a Mhango ankayamba ndi kuwerenga. Tinalinganiza mafoni onse pa kuwerengako, n'kudina pamodzi.

A Mhango anayi anaimba. Mmodzi pamwamba, mawu akunjenjemera chifukwa sopulano sinali yawo. Wina pansi. Awiri pakati. Pa mzere wachitatu alito inakwera yokha pang'ono, n'kubwerera.

Sitinadziwe kuti mayi Mhango afika. Anali ataima pakhomo, atagwira chikwama ndi manja awiri. Nyimbo itatha anayandikira tebulo n'kuyang'ana mafoni aja, ina yosweka galasi, ina yomangidwa ndi labala.

"Ndiye inali yotere," anatero. "Ine ndinkangomva besi. Ndinkati bambowa apeka nyimbo yachisoni."

Loweruka tinaimba pamanda. Sitinaimbe bwino ngati mmene mwini wake akanafunira. Atena analowa mothamanga, ndipo ndikudziwa mmene akanatiyang'anira pamwamba pa magalasi. Koma inaimbidwa yonse, mawu onse anayi, tena ikutsika pomaliza. Mayi Asiyatu anatumiza uthenga woti tiwajambulire, akufuna amve mbali zina zitatu zija.

Mwambo utatha, mayi Mhango anaima pa geti ya manda ndi foni ya mwana wawo. Aliyense wotuluka ankamufunsa, "Foni muli nayo? Bweretsani." Anapereka nyimbo yonse kwa aliyense, abesi omwe.

Lolemba ndinadutsa kwa Che Yusufu kukatenga laputopu ija, poti mayi akuifunabe ngakhale ndi yakufa. Anandifunsa ngati tinapeza wina wotha kuikonza. Ndinati ayi, koma nyimbo tinaipeza.

"Kuti?"

"Kwa telala, kuseri kwanuku."

Anapukusa mutu, n'kutulutsa foni yake. "Ndiye ndiponyereni nanenso. Za m'kabati ndaziona zambiri."

Ndinamuponyera. Nanga inu, chimene simungafune kuti chitayike chili m'kabati ya yani?