Chipupa Chopanda Denga

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kusinza pambali pa bokosi la mwamuna wako kungatchedwe kugona. Akwaya anali atasasa mawu. Kunja mphepo ya mwera inkalimbana ndi moto wa amayi ophika, ndipo anthu a ku Nsaru, kwawo kwa malemu, anali atayamba kufika pa njinga ndi pa ngolo.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali chipupa chachitali chopanda denga. Amuna anga anachimanga okha, ndipo chaka chilichonse tikakolola ankachipaka laimu. Loweruka madzulo ankaika makina awo pa zenera n'kuonetsa pa chipupacho makanema akale, a okwera mahatchi ndi a chikondi chomvetsa chisoni. Ankati kanema wabwino saonera pa foni. Nkhope ya munthu wolira izikula ngati chitseko kuti nawenso ulire. Mudzi wonse unakulira pamenepo.

Dzuwa litakwera ndinamva kugunda. Wamasiye sachoka pa bokosi, choncho ndinangosuzumira pa zenera. Alamu anga a ku tauni, amene sanapondeko kuno kwa zaka zambiri, anali chiimire akuloza, antchito awo akugwetsa chipupa. Ankafuna njerwa zowakira manda.

Ndinatuma mng'ono wanga kuti akawaletse. Anabwerera ndi yankho lawo: "Kawauzeni alamu asadandaule, imeneyi ndi nyumba yosatha chabe. Achimwene sangagone pa dothi ngati mmphawi."

Nyumba yosatha! Koma chinandiwawa kwambiri si alamuwo, poti iwo sankadziwa. Ndi amuna a m'mudzi muno, amene anathera makabudula kutsogolo kwa chipupa chimenecho. Anandanda n'kumapatsirana njerwa mitu ili pansi, kuopa suti ya alamuwo. Palibe ndi mmodzi yemwe anawauza alamuwo ntchito ya chipupacho.

Masana tinanyamuka kupita kumanda, fumbi likutilowa m'maso. Atandigwira mkono kuti ndiponye dothi, ndinaona m'dzenje muli mbee, laimu wa amuna anga atazungulira bokosi. Olankhula anayamika alamu chifukwa cha manda okongola. Ine misozi inauma ndi mkwiyo, ndipo sindinawapatse dzanja potsazikana.

Madzulo anthu anabalalika, m'nyumba munatsala amayi ochepa. Linali Loweruka. Ndinavundukula makina pa zenera paja, n'kuwalumikiza ku batire monga ndinkaonera eni ake akuchita. Anayaka bwinobwino. Kuwala kunadutsa pamwamba pa zidutswa za njerwa n'kukatayika m'mapesi.