Apongozi ndi Akamwini Awo a pa Foni

Dzina loti Apongozi analitola m'mbali mwa msewu waukulu, pomwe anagulitsa mbande za mitengo kwa zaka zambiri. Munthu akagula mbande, kaya ya mango omezanitsa, ya mapeyala kapena ya mandimu, iwo sankafulumira kuipereka. Ankayamba aitembenuza, nkuthothola tsamba louma, kenako nkumuyang'ana wogulayo m'maso.

"Mwana wanga uyu mukumutenga, mkamwini. Madzi alipo kwanuko? Mbuzi za aneba zimagona m'khola?"

Ngakhale wogula akhale mayi, ankamutcha mkamwini ndithu, poti kwa iwo mitengo yonse inali ana aakazi. Anthu anayamba kuyankha kuti, "Tamva, apongozi," ndipo dzinalo linakanirira. Lero ngakhale abusa a kumpingo kwawo amayamba akanda m'mutu kuti akumbuke dzina lawo la ubatizo.

Ndi bambo wamfupi, wosachulutsa mawu pa nkhani ina iliyonse kupatula ya mitengo. Ntchito anaiyamba ali mnyamata, yothirira maluwa pa chipatala, ndipo ndi komweko komwe anaphunzira kumezanitsa ndi kampeni kakuthwa ndi timizere ta pulasitiki. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankakwera njinga kukaona ana. Pena ankangodutsa pang'onopang'ono nkumasuzumira nsonga pamwamba pa mpanda, pena ankagogoda. Akazi awo ankati ana awo enieni, omwe anakula nkupita kutali, sanayenderedwepo chomwecho.

Chaka chatha kunabwera anthu a zipewa zolimba ndi zingwe zoyezera, nakhoma zikhomo zofiira pakati penipeni pa nazale. Msewu unali woti ukulitsidwe, ndipo onse ogulitsa m'mbali mwake anauzidwa kuti achoke. Apongozi anatuta mbande zawo pa wilibala kupita nazo kuseri kwa nyumba yawo, kumapeto kwa kanjira kosatulukira kwina, komwe kumangodutsa nkhuku ndi munthu wowerenga mita ya madzi.

Mvula inali pafupi. Mbande zimagulidwa mvula ikangoyamba, ndipo nyengoyo ikadutsa mizu imaboola machubu a pulasitiki obzalamo nkulowa pansi, moti pozula zambiri zimafa. Mkulu wawo wa Apongozi, yemwe ali ndi sitolo ya zitsulo ndi simenti, anabwera kudzaona mmene zinalili, nkupukusa mutu.

"Mng'ono wanga, kuno angakupeze ndani? Ine ndikufuna mlonda. Tochi ilipo, jekete ilipo."

Apongozi anavomera kuti mbande zikapanda kuyenda mvula imeneyi, adzapita kukatenga tochiyo. Atanena zimenezo anakathirira mzere umene anali atathirira kale.

Amene anakana kuti nkhani ithere pamenepo anali mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, mayi wogulitsa zovala pa foni, wa pakamwa posatseka. Anatenga foni imene mwana wamkazi wa Apongozi anawatumizira, yomwe iwo ankangoyankhira ikalira, naikweza m'mwamba.

"Alamu, msewu wa masiku ano ndi uwu. Magalimoto onse akudutsa muno."

"Fumbi lake lili kuti?" anafunsa Apongozi.

"Mudzaliona fumbi. Bweretsani chala."

Mlamuyo anawatsegulira Watsapu ndi Fesibuku, nasonkhanitsa manambala onse a m'fonimo kukhala gulu limodzi. Mmawa uliwonse ankajambula mizere ya mbande nkulemba monga amalembera za madiresi: "Zafika, zafika. Thamangani zisanathe."

"Zafika kuchokera kuti, mlamu? Zabadwira pompano izi."

"Inu khalani chete, malonda mulibe nawo mwayi wa pakamwa."

Koma mbande ikajambulidwa imangofanana ndi inzake: timasamba tobiriwira m'timatumba takuda. Sabata isanathe anthu anayamba kutuluka m'gulumo mmodzimmodzi. Apongozi ankawerenga timizere tonena kuti uje watuluka, mtima nkumawawa ngati mlaliki amene akuona anthu akunyamuka ulaliki uli pakati. Yekhayo amene anayankha anali wometa wa pafupi ndi msika, mnzawo wa nthabwala, ndipo analemba kuti: "Apongozi, mwayamba kugulitsa udzu?"

Lamulungu lotsatira njinga sinatuluke. Akazi awo, omwe anali kusita zovala pakhonde, anaimika simbi.

"Lero ana simukawaona?"

"Ndikawauza chiyani? Kuti bambo awo akukakhala mlonda?"

"Bambo a kuno, munthu akafuna kudziwa banja amayang'ana ana amene anakula kale. Inu mukungoonetsa makanda. Tengani foniyo mupite."

Anapita kwa namwino wina wopuma ntchito, yemwe anagula peyala kalekale. Mtengowo unali utapitirira denga, zipatso zili lendelende. Apongozi anapempha kaye chilolezo chojambula. Namwinoyo anavomera, koma anati adikire asinthe diresi ndi duku, ndipo anawadikiritsa mpaka tiyi anazizira. Chithunzi chinatuluka chopendekeka, chala chawo chachikulu chikuoneka pakona. Poti kulemba pa foni kunkawatengera nthawi, anasindikiza pojambulira mawu nkulankhula monga amalankhulira pa msonkhano wa mpingo.

"Moni nonse. Uyu ndi mwana wanga. Anachoka kwathu ali wolekeza m'bondo. Chaka chimene mipopi inauma, mkamwini wangayu ankasunga madzi otsukira mbale nkumamuthirira. Onani lero. Ndathokoza, mkamwini. Ndi zomwezo."

Mlamu atamva anagwira m'chiuno.

"Simunanene kuti mbande ndi zingati. Simunanene kumene muli. Mwangoyamikira munthu basi. Amenewa ndi malonda kapena mapemphero?"

Namwino uja anatumiza chithunzicho ndi mawuwo kwa ana ake, kwa amayi anzake a kwaya, ndi kwa aliyense amene anagwirapo naye ntchito. Kutacha foni ya Apongozi inayamba kunjenjemera pa tebulo. Dalaivala wina anatumiza gwafa wake: "Nanga wathuyu, apongozi, si mwana wanu?" Mphunzitsi wina anatumiza mango atatu, iye ataima pakati ngati mwamuna wa mitala. Amene anatuluka m'gulu aja anayamba kupempha kuti awabwezeremo, ena nkumanamizira ana kuti ndi omwe anaseweretsa foni.

Apongozi anaika malamulo awo. Mtengo umodzi patsiku, kuti anthu asatope. Osajambula mwini wake asanalole, ndipo geti kapena nambala ya nyumba zisaoneke. Mafunso ankayankha masana akapuma, atakhala pa ndowa yovundikira, magalasi ali pamphuno. Wina akafunsa chifukwa chake masamba akuchita chikasu, ankamuuza atumize chithunzi cha kunsi kwa tsamba ndi cha patsinde. Ankayankha ngakhale za mitengo yogulidwa kwina, ati ana a eni nawonso ndi ana. Wofuna manyowa ankamupatsa nambala ya bambo woweta nkhuku, wofuna maenje ya munthu wokumba maenje, ndipo awiriwo nawonso anayamba kuuza makasitomala awo za kanjira kosatulukira kwina kaja.

Anthu anayamba kubwera, koma mwa apo ndi apo. Akamwini okhala ndi mitengo yokongola anali okonda kuyamikiridwa, osati kugula ina, poti malo anali atadzaza kale. Mitambo inayamba kusonkhana masana, ndipo mbande zambiri zinali zikadali pamzere. Apongozi akanyamula chubu ankapeza timizu toyera tayamba kusuzumira kunsi.

Ndiye wometa uja anatumiza chithunzi chake. Anaima pafupi ndi mtengo wa malalanje wodzaza bwino, dzanja lili pa nthambi, akumwetulira mpaka mano a m'mbali. Apongozi anachiyang'ana nthawi yaitali nkuyamba kuseka chamumtima.

"Mwanayu ndi wanga ndithu," anauza mlamu wawo, "koma ndinamupereka kwa aneba a wometayu. Nthambi yopindikayi ndinaimanga ndine."

Mlamu anawomba m'manja. "Timuyalutse pagulu. Anthu akaseka gulu limakula, alamu. Uyu si uja ankati mukugulitsa udzu?"

"Pagulu timayamikira. Zinazi ndikanena ndekha."

Tsiku lomwelo anapita kukametetsa, ngakhale tsitsi linali lisanakule. Wometa anawakulunga nsalu m'khosi, nayatsa makina, nkumalankhula za mpira mosalekeza. Apongozi anadikira mpaka makina atafika kuseri kwa khutu.

"Mkamwini, mwana wanga ali bwanji?"

"Ali bwino, apongozi. Simunaone chithunzi?"

"Ndaona mkazi wa aneba anu mutamugwira dzanja."

Makina anazima. Anthu awiri amene ankadikira pa benchi anatsitsa mafoni awo. Wometayo anayang'ana pagalasi, nkuyang'ana kudenga, kenako anaphulika kuseka mpaka anakhala pansi.

"Amene munandipatsa uja anatisiya chaka chomwecho, apongozi. Mbuzi. Ndinangopita kukagula mafuta a makina, pobwera ndinapeza kamtengo kokhakokha."

"Maliro osandiuza?"

"Ndikanayamba bwanji? Mmene munandifunsira za mbuzi tsiku lija, ine nkuyankha kuti kwathu kulibe? Zaka zonsezi ndikafika pa nazale panu ndinkadzera tsidya lina la msewu."

Apongozi anadziyang'ana pagalasi, mutu uli wometedwa mbali imodzi. Sanaganizepo kuti mafunso awo aja, omwe iwo ankawaona ngati nthabwala ya chikondi, ankathawitsa anthu. Anayamba kukumbukira nkhope zina zimene zinagula kamodzi osabweranso, ndi ena amene ankawapatsa moni mothamanga pa msika.

"Mng'ono wake alipo," anatero potsiriza. "Koma mudzayambe mwamanga mpanda. Malizani mutuwu."

Madzulo ake wometayo anaulula yekha pagulu. Anajambula dzenje lopanda kanthu kuseri kwa nyumba yake, chipewa atachigwira pamtima, nalemba kuti chithunzi chija chinali cha mkazi wa mwini, kuti wake anadyedwa ndi mbuzi, ndipo wapita kwa apongozi kukagwada. Apongozi anayankha ndi mawu ochepa.

"Mtengo umafa, abale anga. Kwa inenso imafa, chaka chilichonse. Amene mwana wanga anakuferani musandithawe. Bwerani tione chimene chinalakwika."

Zimene zinatsatira ngakhale mlamu sanaziyembekezere. Gulu lonse linasanduka malo oululira. Wina anati wake anadyedwa ndi chiswe. Wina anati mwana wake anathyola akusewera mpira. Mayi wina anati amuna ake anathira feteleza thumba lonse patsinde poganiza kuti ukula msanga, ndipo amuna akewo, omwe analinso m'gulumo, anayankha kuti nkhani za m'banja sizikambidwa pagulu. Anthu ankasekana, kenako nkumafunsa njira. Apongozi anajambula kanjira kawo kuyambira pa mpopi wa pakona mpaka pa geti la malata, mlamu nkuika chithunzicho pamwamba pa tsamba lawo la pa Fesibuku.

Mvula yoyamba inagwa Lachisanu masana. Loweruka kanjira kaja kanali matope okhaokha chifukwa cha mapazi. Kunabwera njinga, mawilibala, ndi kagalimoto ka woweta nkhuku katanyamula anthu amene anakumana nawo panjira. Ofedwa aja ndiwo ankagula ziwiriziwiri, ati wina akafa wina atsale. Akazi awo a Apongozi ankalandira ndalama pakhonde, mlamu akujambula aliyense wotuluka ndi mbande m'manja, atayamba wapempha. Wometa anatseka shopu yake theka la tsiku nkudziika yekha kukhala wolondolera anthu pa geti.

Namwino uja anabweranso, ngakhale analibe pobzala. Anawauza Apongozi kuti tauni yonse ikuwatchula, ndipo iwo anayang'ana pansi nkumufunsa ngati peyala uja anamudulira nthambi yokhudza waya wa magetsi.

Chakumasana kunafika mkulu wawo, jekete ya ulonda ili pamkono, tochi ili m'thumba. Galimoto anaisiya kutali poti posiya panalibe. Anaima pakati pa nazale nkumayang'ana mabwalo a dothi lonyowa pomwe panali mizere.

"Ndiye tochiyi ndibwerere nayo?"

"Bwererani nayo, achimwene. Koma kuseri kwa sitolo yanu kuja kuli dzuwa lokhalokha. Anyamata anu amadyera pa matumba a simenti."

Mkuluyo anazungulira pang'ono, nawerama, nanyamula mbande ziwiri za mango zimene zinatsala pakona. Apongozi anazilanda kaye. Anazitembenuza, nkuthothola tsamba louma, nkumuyang'ana mkulu wawo m'maso.

"Madzi alipo kusitoloko, mkamwini?"

"Iwe, ine ndi mkulu wako. Ndinakubereka kumsana ine."

"Zimenezo ndi zoona. Koma madzi alipo?"

"Alipo, apongozi," anayankha mkuluyo, ndipo jekete anaiyala pansi nkukulungiramo mbandezo kuti dothi lisamuthimbirire malaya.

Lolemba mmawa Apongozi anayamba kudzaza machubu a chaka chamawa. Foni anaiika m'kathumba ka pulasitiki nkuipachika pa msomali wa pa mpanda, pomwe madzi a m'kheni yothirira sangaifikire. Inanjenjemera kangapo, koma iwo anapitiriza kusefa dothi, poti nthawi yoyankha akamwini inali isanakwane.