Kanema Amene Anatsogola Kumudzi kwa Esnati

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zitumbuwa. Nditamaliza giredi 12 ndinkangokhala ku Kapata, n'kumajambula zitumbuwa za akulu anga ndi kuziika pa sitetasi ya pafoni yanga. Amayi Zainabu, eni shopu ya nsalu m'tauni, anaziona pafoni ya mnansi wawo ndipo anandiitanitsa.

"Ngati chitumbuwa umachikongoletsa chonchi, nanga chitenje? Uyambe Lolemba, Tamara."

Zida zake zinali foni ya shopu yong'aluka pakona, bandulo ya intaneti ya mlungu, ndi njerwa ziwiri zotsamiritsira foniyo. M'mawa, dzuwa likangolowa pakhomo, ndinkapachika chitenje pachingwe, kupukuta diso la kamera ndi mpango, n'kujambula kanema wamfupi. Ndinkaikamo mawu anga m'Chinyanja, poti kumudzi zolembalemba amangozidumpha. Ndinkatumiza masana, anthu ataweruka kumunda, m'magulu a pafoni a kwaya, a amayi a mumsika ndi a oyendetsa njinga. Iwo ndiwo ankamwaza, ine kwanga kunali kungoyambitsa.

Ndikatumiza ndinkatsamira kauntala n'kumalota ndili maso. Ndinkachiona chitenje chikukwera njinga, chikudutsa minda ya thonje, chikufika ku Tamanda, mayi wina amene sindidzakumana naye akuchikulitsa ndi zala ziwiri pansi pa mtengo wa mango. Ine wosafikako n'ku Lusaka komwe, mawu anga ankalowa m'nyumba za anthu popanda odi. Zinkandikoma, ndisaname.

Tsiku lina kunabwera mayi wachitsikana wa kufupi ndi Mtenguleni, dzina lake Esnati. Anasankha chitenje chachikasu n'kuchikweza padzuwa, dzanja lina lili pamimba, akung'ung'udza kanyimbo. Koma abale, anakongola! Ndinam'pempha kuti ndijambule.

"Jambulani nsaluyo," anatero akuseka.

Ine ndinajambula zonse, nkhope ndi dzanja lomwe, n'kuikamo mawu akuti, "Amayi oyembekezera, zitenje zanu zafika!" Kanemayo anathamanga kuposa onse. Foni inkangolira, makasitomala anadzaza shopu, ineyo n'kumayenda ngati mwini tauni.

Patapita masiku atatu Esnati anabweranso, maso atatupa. Pakati pake panali poyamba. Kwawo pakati poyamba salengeza yekha mwiniwake. Amauza azakhali ake, azakhaliwo amapita kukakhala pamphasa ndi apongozi, kenako anamkungwi amabwera kudzamulangiza. Azakhali a Esnati anali atakonza zopita Loweruka. Koma apongozi a Esnati, aNaJere, anali atamva kale kuchigayo, pafoni ya munthu wina. Ankati mpongozi wawo wawanyoza pouza dziko lonse iwo asanamve, ndipo anakana kuitana anamkungwi. Moni wa Esnati sankauyankhanso.

Ndinafufuta kanemayo pomwepo.

"Wafufuta pafoni imodzi," anatero Amayi Zainabu. "Vala chitenje upite naye. Ukalankhule ndi pakamwa pako, foni ikhale m'chikwama."

Tinakwera minibasi, kenako njinga. Minda ya thonje ija ndinkailota pakauntala ndinaidutsadi tsiku limenelo. ANaJere tinawapeza akusenda mtedza pakhonde. Ndinagwada patali.

"Amayi, olakwa ndine. Mwana wanuyu sanandiuze kanthu. Ndinangoona dzanja pamimba, n'kuyamba kulongolola kuti ndigulitse nsalu."

Anapitiriza kusenda, ine maondo akuwawa. Kenako anati, "Ndiye ndiwe wa mawu aja?"

"Ndine, amayi."

"Mwana wamwamuna ndili naye mmodzi. Chimukwatitsire ndakhala ndikudikira tsiku loti anthu andiyalire mphasa, andiuze, ndilulutire. Ndiye ndamvera kuchigayo, mutu uli mbuu ndi ufa, anzanga akundifunsa kuti bwanji ndinawabisira."

Ndinalira. Manyazi oterowo sindinawamvepo. Iwo anatembenukira kwa Esnati, amene anaima chakumbali atazolika.

"Iwe, ukuimiranji padzuwa ndi mmene ulilimu? Bwera ukhale pano."

Anamusunthira pamphasa. Loweruka azakhali anabweradi, anamkungwi anaitanidwa, mwambo wonse unachitika. Koma Esnati anadzandiuza kuti azakhali atanena za pakatipo, aNaJere anangoti, "Tamva, zikomo." Nthungululu sanaimbe.

Ntchitoyi ndimaigwirabe, pano ndimatumizira mashopu angapo, ndipo kulota pakauntala sindinasiye. Kungoti munthu akaima kutsogolo kwa kamera yanga, ndimamuonetsa kanemayo, ndimamumvetsera mawu amene ndaikamo, kenako ndimamufunsa kuti, "Kwanu alipo amene sanamve?" Akangozengereza pang'ono, ndimajambula nsalu yokha pachingwe.