Sukulu ya Tinenenji Inkayenda pa Lole ya Dizilo

Galimoto ikaima pa Lirangwe, mawindo amadzaza manja. Uyu nthochi, uyu chimanga chootcha, uyo mtedza wophika. Ife apaulendo timagula, kutafuna, n'kumapita. Nkhope sitiyang'ana.

Lachiwiri lina m'mawa panaima lole yonyamula makina okumbira mijigo. Mtsikana wina anathamanga, n'kukweza mbale yake pawindo.

"Mtedza wotentha, bwana!"

Bwanayo sanagule. Anali bambo ake.

Dzina lawo ndi a Gerald, okumba mijigo. Anatsika pang'onopang'ono.

"Tinenenji. Lero si tsiku la sukulu?"

"Ndi la sukulu, ababa."

"Nanga?"

Mtsikanayo anangoyang'ana mtedza wake.

A Gerald anali mkamwini pa Lirangwe. Akazi awo, a Lenia, atamwalira, akuchikazi anawasudzula mwaulemu. Iwo anatenga chikwama chawo n'kutsatira ntchito. Mwana anatsala, poti mwana ndi wa kuchikazi. Anatsala m'manja mwa atsibweni ake, a Howard, alongo a malemuwo. Mwanayo anali atangoyamba Fomu 3.

Tsiku lomwelo a Gerald anakakhala pakhonde la alamu awo. A Howard sanazungulire.

"Alamu, sindikubisirani. Chimanga chinapserera m'munda. Zimene mumatumiza zija zinalowa m'mimba mwa nyumba yonse. Ndinati apume teremu imodzi. Yakhala iwiri."

"Ndiye ndipatseni mwanayu. Ndiziyenda naye."

"Kuyenda naye kuti? Inu nyumba yanu ili ndi matayala. Lero Neno, mawa Nsanje. Sukulu yake iti? Komanso mwana wamkazi, pakati pa amuna okhaokha?"

A Gerald anali ndi mayankho. Alongo awo, a Duwa, ndi amene ankaphikira gulu lonse la okumba. Mwana azigona m'tenti ya azakhali akewo. Za sukulu, ku Chileka kunali mphunzitsi wina wopuma pantchito, Mayi January. Anayamba kuphunzitsa pafoni nthawi imene sukulu zinatsekedwa ndi Covid, ndipo sanasiyenso. Ana awo ambiri anali a makolo osamukasamuka pantchito. Mayeso a boma ankakalembera pa sukulu ina ya ku Chileka komweko.

"Sukulu ya m'foni," anatero a Howard. "Koma ndakalamba ine."

Kenako anagamula.

"Teremu imodzi. Akalephera, mudzamubweze pano ndi manja anu omwewo."

Tinenenji anali kuseri kwa chitseko. Kubwerera ankadziwa tanthauzo lake. Mbale, msewu, mawindo.

Ananyamuka ndi bambo ake.

Koma panali chinthu chimene a Gerald sanachiganizire. Iwo ankayesa kuti sukulu ya pafoni ili ngati wailesi, ungotsegula n'kumamva. Ayi. Mijigo sakumba m'tauni. Amakumba kumene kulibe madzi. Ndipo kumene kulibe madzi, kawirikawiri netiweki nayo sikufika.

Malo oyamba anali m'mapiri a ku Neno. Kalasi inkayamba eyiti koloko, ana onse pamodzi pafoni. Tinenenji ankakwera chitunda, foni m'mwamba ngati akuyitana mvula. Mawu a Madamu ankabwera. "Lero tiphunzira za…" Basi. Zii.

Tsiku limene netiweki yagwira pafupi ndi msasa, kompuresa ya makina okumbira inkabangula mpaka mano kunjenjemera.

Kenako panachitika kanthu kakang'ono. Tsiku lina Tinenenji anatsegula kamera. Mnzake wina wa m'kalasimo, wolankhula ali pasofa, anafunsa kuti, "Aise, kumbuyo kwakoko ndi tenti? Kwanu kunasefukira madzi?"

Ana anaseka. Kamera ija sanaitsegulenso.

Madamu akafunsa chifukwa chimene wajombera, yankho linali limodzi. "Foni inavuta, Madamu." Sabata ino foni. Sabata yamawa foni. Kwa bambo ake ankati zonse zili bwino. Iwo ankabwera madzulo ali matope okhaokha, n'kumwetulira. Akanawauza bwanji?

Teremu inatha. Anakhoza Chichewa ndi Agriculture. Zina zonse, pansi.

A Gerald anayang'ana zotsatirazo pa foni. Sanakalipe.

"Ndinalonjeza alamu anga. Longedza."

Usiku wake Tinenenji sanadye. M'mawa lole inapita kukatula zida ku yadi ya kampani, ku Chileka. Ali pomwepo Tinenenji anati, "Ababa, tisanapite ku Lirangwe, ndikufuna ndiwaone Madamu."

Aka kanali koyamba kuonana maso ndi maso. Mayi January anali wamfupi kuposa mawu awo. Anawapeza akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba. Tinenenji anagwada n'kunena zonse. Chitunda. Kompuresa. Tenti.

Madamu anaika pansi kheni yothirira.

"Teremu yonse iwe kumandiuza kuti foni? Ine ndinakuika kale pa gulu la alesi!"

"Ndinkachita manyazi, Madamu."

"Manyazi ndi tenti? Mwana iwe. Madzi ndikuthirirawa ukuganiza anakumba ndani, angelo?"

A Gerald anaseka koyamba tsiku limenelo.

"Tamvera," anatero Madamu. "Kubwereza phunziro chifukwa cha iwe wekha sindingathe, mmero wanga ndi umodzi. Koma kujambula mawu ndikamaphunzitsa, chimenecho ndingathe. Funso n'lakuti, uzikawatengera kuti?"

Tinenenji anali ataganiza kale m'lole muja. Makina okumbira amamwa dizilo ngati chidakwa. Kawiri pa sabata lole yaing'ono inkapita pa filing'i sitesheni yapafupi kukadzaza migolo. Ndipo pamene pali filing'i, netiweki ilipo.

"Ndizikwera lole ya dizilo."

Kunatsala a Howard.

Anamvetsera zotsatira zija ali tsinya. "Pangano ndi pangano, alamu."

"Ndi chifukwa chake ndabwera naye."

Pa nkhani za akuluakulu mwana salankhula. Tinenenji analankhula.

"Atsibweni, ndinene mawu amodzi?"

A Howard anakweza nsidze. Sanakane.

"Sukuluyi sinandikanike. Sindinaiyambe n'komwe. Ndinabisa mavuto anga kwa Madamu, ndinabisanso kwa ababa. Wolakwa ndine. Ndipatseni teremu imodzi yoti ndiphunzire zenizeni. Ndikalephera imeneyo, ndidzabwera ndekha. Simudzachita kutuma munthu."

Anafotokoza za mawu ojambula ndi za lole ya dizilo. A Howard anayang'ana kumbali, n'kupukuta m'maso ndi chala ngati mwalowa kachitsotso.

"Mayi ako analinso chonchi. Akafuna chinthu, nyumba yonse sinkagona." Anatembenukira kwa a Gerald. "Teremu ina imodzi. Koma Madamuwo zotsatira azinditumizira ine. Inu alamu mtima wanu ndi wa nthochi yakupsa."

Apa ndi pamene ntchito inayamba.

Dalaivala wa lole ya dizilo anali a Mabvuto, munthu wa pakamwa posatseka. Akaliza hutala m'mawa ankakuwa, "Profesa! Basi ya yunivesite ikunyamuka!" Tinenenji ankakwera, azakhali ake pambali, poti nawonso ankakagula ndiwo.

Pa filing'i, migolo ikamadzaza, iye ali pakona. Kutsitsa maphunziro a masiku atatu. Kutumiza zithunzi za ntchito yake. Kutumiza mafunso. Nthawi inali yochepa. Migolo ikadzaza, lole imabwerera.

"A Mabvuto, dikirani pang'ono, Biology yatsala theka!"

"Ine ndikuona ngati tayala lakumbuyoli laphwa," ankatero iwo, n'kuyamba kulizungulira tayala labwinobwino, kulimenya ndi phazi, mpaka Biology itatsika.

Ku msasa, kalasi yake inali m'lole, pa mpando wakutsogolo. Mawindo otseka chifukwa cha phokoso. Kutentha ngati uvuni. Foni ikutchaja ku batire ya galimoto, tomvera m'makutu, kope pabondo. Madamu akathamanga, ankawabweza. Akathamanganso, kuwabwezanso. Ana a pasofa aja analibe mwayi umenewo.

Sizinayende mosalala. Dzinja litafika, ku Mwanza lole inatitimira ndipo msewu unaduka. Sabata yonse popanda phunziro latsopano. Iye ndi azakhali ake anayenda wapansi mpaka pa msika wapafupi kukasaka netiweki, nsapato m'manja. Ku Chikwawa foni inatentha n'kuzima yokha, ndipo anaphunzira kuikulunga m'kansalu konyowa. Masamu ankamuliza. Funso limodzi ankalitumiza katatu, ndipo Madamu ankayankha katatu, kachitatuko ndi mawu okwera.

Sayansi imafuna kugwira ndi manja. Akakumba pafupi ndi sekondale, a Gerald ankasamba, kuvala malaya oyera, n'kukagogoda kwa ahedi. "Mwana wanga angakhale nawo kumbuyo, aone nawo zoyeserazo?" Ena ankakana. Ena ankati alowe. Iwo sankatopa kugogoda.

Tsiku lina ku Balaka netiweki inagwira pamsasa penipeni, makina ali chete. Kalasi inali mkati. Madamu anafunsa funso la masamu. Ana onse zii. Tinenenji anatsegula kamera. Tenti kumbuyo, migolo pambali, mbuzi ikudutsa. Anayankha. Anakhoza.

Palibe anafunsa za tenti.

Teremu itatha, foni ya a Gerald inalira ali pamwamba pa makina. Anali a Howard.

"Alamu, ndaziona. Masamuwo akadali ofooka."

"Eya, alamu."

"Pitirizani."

Anadula. A Gerald anakhala pansi pa mapaipi, n'kuvula chipewa.

Anapitirizadi. Fomu 3 inathera ku Ntcheu. Fomu 4 inayambira ku Nsanje, n'kudutsa ku Phalombe. Nthawi ya mayeso a MSCE, Tinenenji anakakhala kwa Madamu ku Chileka, n'kumalemba pamodzi ndi ana a yunifolomu. Wina anamufunsa sukulu yake. Iye anati, "Ndi yayitali kufotokoza."

Zotsatira zinatuluka. Anakhoza maphunziro onse. Masamu omwe.

Loweruka lotsatira anapita ku Lirangwe. A Howard anali ataitana abale, mikeka ili pabwalo. A Gerald anakhala chakumapeto, malo a mkamwini wakale. Anadikira anthu adye, kenako anayamba mwaulemu.

"Alamu, mwanayu akufuna kupitiriza ku koleji. Ndiye ndimati ndipemphe chilolezo chanu kuti…"

A Howard anakweza dzanja.

"Imani pomwepo. Mwambo umati mwanayu ndi wathu, ndipo ndi wathudi. Koma ine ndinamusunga, sukulu inaima. Inu munamutenga, mulibe ndi nyumba yomwe, sukulu inayenda. Ndinene pamaso pa onsewa. Za mwana ameneyu musadzapemphenso chilolezo pakhomo pano. Muzingobwera kudzatiuza." Anasuntha mpando wa pambali pawo. "Ndipo bwerani mukhale kuno. Kumapetoko mukutani?"

A Gerald anaimirira. Anakakhala.

Inu amene mukuwerenga, mwina moyo wanu nawo uli pa matayala. Mwina ntchito imakusamutsani mwana asanaloweze dzina la mphunzitsi. Mwina ndinu mwanayo, ndipo pali chimene mukubisa poopa kusekedwa. Tinenenji anataya teremu yathunthu chifukwa cha manyazi, osati chifukwa cha mapiri a ku Neno. Tsiku limene ananena zoona, anthu anapeza pomugwira dzanja.

Nenani pamene muli. Pemphani mwayi wachiwiri ndi pakamwa panu. Mukaupeza, ugwireni ndi manja awiri.

Ulendo ungatalike bwanji, mtima wokha musausiye panjira.