Magolovesi a Bambo

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anamwalira kuno ku Dublin. Ankagwira ntchito yokolopa ku eyapoti, ndipo mtima unangoima ali pantchito. Mapepala a amayi okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, choncho maliro sakanapita kumudzi. Akulu anagwirizana zowaika konkuno.

Ine nkhawa yanga inali kuzizira. Bambo ankadana ndi chisanu cha kuno, moti sankatuluka opanda magolovesi awo abulauni. Ndinawatenga n'kupempha kuti awaike m'bokosi. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, omwe ankayendetsa mwambo wonse, anandilanda.

"Ndife Akhristu ife. Zachikunja zimenezo ayi."

Ndinathawira kufulati yoyandikana nafe ku Citywest, kwa mayi Galina, mayi wachikulire wochokera ku Russia amene ankandisamala ndikaweruka kusukulu. Ali mtsikana anagwirapo ntchito ndi ofukula zakale ku Siberia. Atamva chimene ndinkalirira, anatulutsa zithunzi zakale zothimbirira. Anati anali manda a makolo a anthu otchedwa Asamoyedi, oikidwa zaka zoposa chikwi zapitazo. Mitembo ankaikulunga m'makungwa a mitengo. Pambali pake pankakhala mpeni, mivi ndi mphika wadothi. Pachithunzi china panali timafupa ta mwana, ndipo pafupi ndi dzanja lake panali kambalame kamkuwa.

"Titapeza aka tonse tinasiya kukumba," anatero. "Pomuika mwanayu, wina anagwada m'dothi lozizira kuti akaike bwinobwino pamenepo."

Amayi anabwera kudzanditenga. Anayang'ana chithunzicho kwa nthawi yaitali, chitenje chili kukamwa.

Tsiku loika maliro, asanatseke bokosi, amayi anatulutsa m'chikwama chawo magolovesi aja, omwe anali atakawatenga pomwe azakhali anawasiya. Azakhali anayamba kuyankhula, koma amayi anawadula motsitsa mawu.

"Alamu, mwamuna wanga ndalephera kumupititsa kwawo. Izi zokha ndiloleni."

Zala za bambo zinali zitauma, magolovesi sanalowe. Amayi anangowaika pachifuwa n'kuwasalaza ndi dzanja, monga ankachitira ndi malaya a bambo m'mawa. Kunja kunkagwa mvula yowaza, ndipo dothi la kumanda linali lakuda, lonata ku nsapato.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupiriradi kuti bambo afunda. Lero ndikudziwa kuti amayi sankaganiza choncho. Anthu a ku Siberia aja sindingawayankhulire. Koma ndazindikira kuti munthu amene wakhala ukumusamala akamwalira, manja sasiya tsiku lomwelo. Amafuna kumuchitira kanthu kamodzi komaliza, ndipo kuwaletsa n'kuwonjezera maliro ena.