Mthunzi wa Kumanda pa Sola Yathu

Sukulu ndinaisiyira Fomu 2. Ndiye anthu a bungwe lina lakunja atabwera kudzaika pampu ya sola m'mudzi mwathu, kuseri kwa Chisepo, anandipeza ndilibe chochita. Anandiphunzitsa masiku atatu: kupukuta magalasi a sola, kuyang'ana kagetsi kobiriwira, kuimba foni kakafiira. Za kusintha kwa nyengo analankhula mpaka kutopa. Ine ndinkangofuna kuti mayi anga, amene miyendo yawo inatupa kalekale, asiye kumwa madzi a kudambo otsegula m'mimba aja.

Madzi anawapeza m'mphepete mwa manda. Anakumba pomwepo, anaimika thanki, anayala masola, basi anapita. Iwo ankabwera m'mawa mokhamokha, choncho sanaone kuti dzuwa likapendeka, mthunzi wa mitengo ya kumanda umakwawa n'kudzagona pa magalasi. Ukangofika, pampu inkati zii, ngati munthu amene wamva mapazi kumbuyo. Azimayi ankapeza mpopi wouma, n'kutukwana ine.

Ndinaimbira injiniya wawo ku Lilongwe.

"Sadzani nthambizo, achimwene," anatero. "Chovuta n'chiyani?"

"Ndi kumanda, bwana."

"Nanga akufawo ndi amene akumwa madzi?"

Tonse kwathu timapemphera, koma kumanda munthu sulowa popanda maliro, ndipo ngakhale nkhuni yogwa yokha sitola. Ndinkadziwa bwinobwino. Kungoti kutukwanidwa kunandikwana. Tsiku lina, dzuwa lili paliwombo, ndinalowa ndi chikwanje. Mkatimo munali mozizira ngati mu mtsuko. Mbalame munalibe, ngakhale ntchentche. Ndikatema, phokoso silinkapita patali, linkangogwera pamapazi panga. Nthambi yachitatu inagwera pa kamtumbira ka mwana n'kuswa kambale kamene kanali pamwamba.

Tsiku limenelo pampu inalira mpaka dzuwa kulowa.

M'mawa mwake azimayi anabwera n'kuima chapatali, zidebe zili m'manja, maso ali pa mabala oyera a mitengo ija. Palibe anandikalipira. Bola akanakalipa. Anatembenuka mmodzimmodzi kulunjika kudambo.

Ndinatunga chidebe chodzadza pampopi paja n'kupita nacho kunyumba.

"Kataye kutali, mwanawe," anatero mayi, osandiyang'ana. "Usathirire ngakhale mpiru."

"Amayi, madziwa ndi omwe aja munkamwa dzana!"

"Ndamva. Kataye."

Patapita sabata injiniya uja anaimba, mawu ali osangalala. Akuti makina akuwatumizira uthenga woti pampu yathu tsopano ikugwira bwino kwambiri. Ndinangoti zikomo. Sindinawauze kuti thanki ikusefukira tsiku lonse popanda wotunga, kuti madzi adzikumbira okha kanjira kolowa pakati pa mitumbira, ndipo kumeneko udzu ukubiriwira mu Okutobala, dziko lonse lili gwaa.

Masiku ano ndine amene ndimatsika kudambo ndi chidebe cha mayi, mwamuna ndekha pamzere wa azimayi. Ndikafika amasiya nkhani n'kundipatsa njira. Madziwo ndi amatope. Ndimawasefa ndi kansalu, ndimawaphitsa, mayi n'kumwa.