Masamu a Kuseri kwa Uvuni

Nditakhoza mayeso a Fomu 2, ndinkadziwa kale chimene ndinkafuna mu Fomu 3. Ndinkafuna kudya. Sukulu yathu inali yogonera komweko, ya anyamata ndi atsikana, ndipo ndiwo zake zinali nyemba zofumbwa, Lolemba mpaka Lamulungu. Koma atsikana a phunziro la zophikaphika ankadya zimene aphika. Lachinayi lililonse ankatuluka m'kalasi milomo ili noninoni, ena atabisa masikono m'matumba a siketi. Masiketi a nthawi imeneyo, poti boma linkati azibisa mawondo, anali ndi malo ambiri.

Sabata yoyamba ahedi anatisonkhanitsa kutifotokozera za maphunziro. Anati setifiketi ya Fomu 4 imafuna munthu akhoze maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo masamu wamba palibe angawathawe pasukulu pawo, ngakhale mwana wa nduna. Chosankha chinali chimodzi chokha: atsikana zophikaphika, anyamata ukalipentala, kapena, kwa amene mutu ukuwalola, masamu ena ovuta otchedwa Adishonolo. Atatchula dzina limeneli anthu anazyolika ngati pamaliro. Ine sizinandikhudze. Maganizo anga anali kale kuuvuni.

Loweruka lake ababa anabwera panjinga kudzandisiyira chinangwa ndi nanazi. Iwo anali kapitawo ku esiteti ya tiyi, munthu wozolowera kuti akanena chinthu anthu azingowerama n'kuyamba kuthyola. Mwatsoka anakumana ndi ahedi pageti, ndipo ahediwo anandiyamikira kuti masamu ndinakhoza bwino. Ababa anafunsa kuti Atishonoloyo n'chiyani, poti lilime lawo la Chilomwe silinkagwirizana ndi "d". Ahedi anati ndi masamu owonjezera. Ababa anafunsanso ngati fizi nayo imawonjezereka. Atamva kuti ayi, anandiyang'ana nkhope ili ngwee.

"Ndiye kuti ndi basela ameneyo. Amayi ako pamsika pa Chinakanaka paja, unaonapo munthu akukana basela?"

"Ababa, ine ndimafuna zophikaphika," ndinatero ndi mawu apansipansi.

"Kuphika? Ndipalase njinga mtunda wonsewu kuti uphunzire kuphika? Amayi ako amwalira?"

Nkhani inathera pomwepo.

M'kalasi ya Adishonolo tinalimo anyamata owerengeka ndi ine mtsikana ndekha. Anatipatsa kachipinda kamene kale ankasungiramo makasu, ndipo khoma lake linali lomwelo la khitchini ya zophikaphika. Khomalo silinkafika kudenga. Maphunziro awiriwa ankachitika nthawi imodzi, choncho chilichonse chimene anzanga ankaphika, ine ndinkachimva ndi mphuno.

Aphunzitsi athu anali mnyamata wongotuluka kumene ku koleji, wosakwatira, wowonda moti lamba wawo anachita kumuboola mabowo ena ndi msomali. Ankadziphikira okha, ndipo zinkaoneka kuti sizinkayenda. Masamu ankawadziwa zedi. Phunziro likamayamba ankalemba pabolodi mwaliwiro, ife n'kumathamanga pambuyo. Koma fungo la masikono likangodumpha khoma, dzanja lawo linkaima m'malere, choko chili m'manja. Akayambiranso, pamene panali x pankabwera y, ndipo panalibe wowakonza, poti tonse mimba zinkalira moyankhizana ngati achule a m'dambo.

Lachinayi lina choko chinatha. Anyamata sankaloledwa kulowa kukhitchini, ndiye anatuma ine kuti ndikapemphe kwa amadamu a zophikaphika. Amadamuwo anali mayi wachitsikana, wansangala, wa manja odzaza ufa nthawi zonse. Anandipatsa choko, kenaka anakulunga masikono awiri m'pepala, nati imodzi ndi ya aphunzitsi, inayo ya wamtengatenga. Yanga ndinadyera pakhonde, ndisanalowe.

Kuyambira pamenepo choko chinayamba kutha Lachinayi lililonse. Tsiku lina ndinawaona ndi maso angawa aphunzitsi akulowetsa choko chathunthu m'thumba la thalauza, kenaka n'kumafunafuna patebulo modandaula. Choko chitatopetsa, anayamba kunditumiza kukabwereka dasitala. Kenaka kukafunsa nthawi, wotchi ili pamkono. Amadamu nawo sankandibweza msanga. Ankandikhazika pampando n'kumandifunsa ngati aphunzitsiwo amapita kutchalitchi, kwawo n'kuti, ndiponso amene amawachapira malaya ndani. Ine ndinkayankha zimene ndikudziwa, zimene sindikudziwa ndinkapeka, kukamwa kuli kodzaza. Anyamata a m'kalasi ankandichitira kaduka, ndipo wina anafika popempha aphunzitsi kuti aziperekeza ine, kuopa kuti choko chingandilemere.

Masaya anga anayamba kutuluka. Koma masamu anga anali a mutu ndi mchira basi. Ndinkaona funso likuyamba, ndinkapeza yankho lili kale pabolodi, koma za pakati zonse zinkachitika ine ndili kuseri kwa khoma.

Pa Sabata ya Achinyamata, pamene sukulu zonse zinkagwira ntchito zachitukuko, ife anatipatsa yolambula msewu wopita kumsika. Kunagwa chiperoni, kamvula kozizira kaja kotsika m'phiri la Mulanje, tonse tinanyowa. Aphunzitsi a masamu ndi amadamu anaima pansi pa ambulera imodzi, yaing'ono, akuyang'anira ntchito imene sankaiona n'komwe. Pofika madzulo ngakhale ophika nyemba anali atamva. Ukwati unachitika patchuthi chachikulu, kutchalitchi cha ku Mulanje Mission, ndipo ine ndinaimba nawo kwaya, ndikudziona ngati nkhoswe.

Sindinadziwe kuti ndadziphera ndekha ntchito. Titatsegulira Fomu 4, aphunzitsi analowa m'kalasi atanenepa, kolala yowongoka, m'manja muli bokosi lodzaza choko. Anali atadya kunyumba. Fungo linadumpha khoma monga mwa masiku onse, ife tinameza malovu, iwo osatekeseka. Anaphunzitsa kuyambira belu mpaka belu. Sabata yachiwiri anandiitana kubolodi kuti ndisove funso la chaka chatha. Ndinalemba mzere woyamba, ndinalemba yankho, pakati ndinasiya mpata waukulu.

"Iwe, chaka chatha chonse unali kuti?" anandifunsa mokalipa.

"Ndinkakatenga choko, sala."

Anyamata anafa nako kuseka. Aphunzitsi anatsokomola, kenaka anandiuza kuti ndikakhale. Madzulo ake ananditumizira uthenga kuti ndizipita kunyumba kwawo tikaweruka, kuti tikwirire maenje. Ndinapita miyezi yambiri. Tinkakhala pakhonde, iwo akundibwereza za Fomu 3 kuyambira pachiyambi, amadamu akusoka chapafupi. Zinali zowawa. Masiku ena ndinkalira, amadamu n'kuwadzudzula amuna awo kuti mwana wa eni ake asamuzunze, vutolo analiyambitsa ndi iwo omwewo. Chodabwitsa n'chakuti masamu wamba aja, amene anzanga ankawaopa ngati njoka, kwa ine anasanduka phala.

Zotsatira zitatuluka ndinapeza setifiketi yanga. Masamu wamba ndinakhoza bwino kwambiri, Adishonolo ndinangodutsa chokwawa. Ababa anasangalala koopsa. Anayenda m'malaini onse a nyumba za antchito pa esiteti, kutchalitchi ndi kumsika, akuuza aliyense kuti mwana wawo walemba masamu kawiri. Sanafotokoze zambiri, ndipo anthu anamva mmene anamvera: kuti ndinalephera koyamba, n'kubwereza.

Patapita masiku, azakhali anga a ku Thuchila anatulukira atanyamula tambala kukhwapa, nkhope ili yachisoni. Anakhala pamphasa, nandigwira dzanja, nati ndisadandaule, kulephera si imfa, ngakhale mwana wa abusa akwawo analemba katatu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere, koma amayi ananditsina pantchafu, maso awo ali pa tambala. Ndinazyolika ngati wovutika mumtima, azakhali anapitiriza kundipepesa, ndipo amayi anadzuka mwakachetechete kukatereka madzi. Ababa atafika kuchokera kuntchito n'kuyamba kulongosola bwinobwino za Atishonolo, tambala uja anali atasosoledwa kale.